Famase ya pa Kasungu boma yomwe inakana kundigulitsa mankhwala a mwana

Ndinalowa m'famase imeneyi ndili ndi ndalama m'manja ndi kapepala kolembedwa dzina la mankhwala, koma ndinatulukamo popanda mankhwalawo. Tsikulo ndinatuluka mtima uli m'mwamba. Tapita ku Likoma n'kubwerako, ndipo ndikufuna amayi anzanga a pa Kasungu pano amve momwe anandithandizira, pamodzi ndi zomwe sizinandisangalatse. Famaseyi ili pa boma, mbali ya kumsika, kamtunda kochepa kuchokera pa depoti ya mabasi.

Amuna anga kwawo n'ku Likoma. Apongozi anga aakazi anali asanamuonepo mwana wathu wachiwiri, mnyamata wa miyezi 8, ndipo foni iliyonse inkathera pa funso limodzi: "Kodi mdzukulu wangayo ndidzamuona atamera ndevu?" Ine ndine mphunzitsi, choncho mpata weniweni unali tchuthi cha mu Ogasiti, nthawi yomwe mwera umakhala ukuwomba ndipo nyanja sikhala bata. Ndinakulira ku Santhe. Madzi aakulu omwe ndinkawadziwa ndi mtsinje wa Bua ndi damu la Chitete basi. Nditamva amuna anga akufotokoza momwe anthu akuluakulu amasanzira m'sitima mwera ukalimba, tulo tinandithawa. Ngati abambo a ndevu zawo amagwada n'kumasanza, nanga kamwana kanga?

Malangizo sanasowe. Mayi wina woyandikana nane anati ndimupatse ka Phenergan pang'ono, agona mpaka kukafika. Wina kusukulu anati iye amaphwanya theka la Piriton m'phala akamapita ku Lilongwe ndi mwana, ndipo palibe chomwe chinachitikapo. Onsewa ndi amayi okonda ana awo ndipo amandifunira zabwino. Ndinalemba dzina loyambalo pa kapepala.

Pa kauntala panali mayi wamng'ono ndithu, wovala gauni loyera. Kukhoma kumbuyo kwake kunali chiphaso cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, chomwe ndinachiwerenga kangapo chifukwa ndinaima pa mzere nthawi yaitali. Nditafika ndinamupatsa kapepala kaja. Sanatembenuke kukatenga botolo. Anayang'ana mwana ali kumsana, n'kufunsa:

"Mayi, mankhwalawa ndi a ndani?"

Ndinafotokoza za ulendo. Anafunsa miyezi ya mwana, kulemera kwake, ngati akuyamwabe, ngati anadwalapo chifuwa chobanika. Anapempha kabuku ka kusikelo, mwamwayi kanali m'chikwama. Atatha kuona anati, "Mayi, awa sindikupatsani. Ngakhale mutapita kwina akakupatsani, chonde musamumwetse."

Ndinamva manyazi, chifukwa kumbuyo kwanga kunali anthu. Ndinayankha mokweza mawu pang'ono kuti anzanga amapatsa ana awo. Iye sanakwiye. Anapempha bambo amene anali pambuyo panga kuti adikire, n'kundifotokozera modekha. Phenergan dzina lake lenileni ndi promethazine, ndipo saloledwa kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa amatha kufooketsa kapumidwe, mwana n'kugona tulo tosadzukanso. Anati vuto lake n'lakuti mayi amaona mwana ali phee n'kumati mankhwala agwira, pomwe mwina mpweya ukuchepa. Za Piriton anati si mankhwala a ulendo, ndipo kugonetsa khanda ndi mankhwala kumabisa zizindikiro zomwe mayi amayenera kuziona. Mwana wodwala amadziwika ndi kulira, kukana bele, kufooka. Mukamugonetsa dala, muzidziwa bwanji?

Kenako ananena chinthu chomwe sindinkachidziwa n'komwe, ndipo n'chimene chinandikhazika mtima pansi. Nseru ya paulendo imabwera maso ndi makutu zikamauza ubongo zinthu zosiyana. Mkati mwenimweni mwa khutu muli timachubu tokhala ndi timadzi, tomwe timamva thupi likapendekeka kapena kukwera ndi kutsika. Munthu ukakhala mkati mwa sitima, maso amaona khoma ndi mipando zili chiimire, koma khutu likumva kuti ukugwedezeka. Ubongo ukasokonezeka, pamabwera chizungulire, thukuta lozizira, malovu ambiri, kenako kusanza. Ana osakwana zaka 2 sizimawagwira kawirikawiri. Amene amavutika kwambiri ndi ana okulirapo, a msinkhu wa kupulaimale.

"Muli ndi wina wamkulu?" anafunsa.

Ndinati inde, mtsikana wa zaka 7.

"Ameneyo ndiye mumuganizire, mayi. Khandali likasanza mobwerezabwereza, musathamangire kunena kuti ndi nyanja. Ganizani malungo, ganizani m'mimba, ganizani khutu."

Mawu amenewa ndinawasunga. Kunyanja udzudzu ndi wambiri, ndipo n'zosavuta kuti mayi ataye tsiku lathunthu akunena kuti mafunde ndiwo amusanzitsa mwana, pomwe thupi layamba kale kutentha.

Zomwe anandigulitsa ndi izi: mapaketi a Thanzi ORS, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, ndi mapiritsi a cinnarizine oletsa nseru ya paulendo a mtsikana wamkulu uja, omwe anati saperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 5 ndipo amwe patatsala maola 2 kuti tikwere. Anatenga envulopu ya mankhwala n'kulemba kumbuyo kwake ndi bolopeni. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi abwino, osati m'kapu, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Mwana akasanza ndidikire mphindi 10, kenako ndimupatse pang'onopang'ono ndi supuni. Bele lisasiyidwe. Pansi pake analemba zoti ndikaona ndithamangire kuchipatala: kukana kuyamwa, kusanza chilichonse cholowa m'kamwa, masanzi obiriwira kapena a magazi, liwombo kulowa, maso kulowa, thewera kukhala louma nthawi yaitali, kukomoka, kufooka kosadzutsika. Anandikumbutsa kuti pa Likoma pali chipatala cha St Peter's. Envulopu imeneyo ndinaiika m'kabuku ka kusikelo ndipo ikadali momwemo.

Tinanyamuka m'mawa pa basi, kudzera Nkhamenya, Jenda, Chikangawa mpaka Mzuzu, kenako kutsetsereka kupita ku Nkhata Bay. Apa m'pamene mawu a mayi uja anayamba kuoneka. M'makona a ku Chikangawa mtsikana wanga, amene anali ataweramira pa foni ya bambo ake, anayamba kuyasamula, milomo kuuma, n'kunena kuti mutu ukuzungulira. Mapiritsi tinali titasungira sitima, sitinaganize za msewu. Ndinamulanda foni, kumusunthira pa windo ndi kumuuza kuti aziyang'ana kutsogolo, kumapiri akutali. Anapirira mpaka Mzuzu. Mng'ono wake anali m'tulo pachifuwa panga, osadziwa kanthu.

Pa doko la Nkhata Bay panali piringupiringu wa anthu, matumba a ufa, makatoni, mitolo ya nkhuni. Amuna anga, amene ulendowu anauyamba ali mwana, anatipezera malo chapakati pa sitima, pomwe sipagwedezeka kwambiri ngati kutsogolo ndi kumbuyo, komanso podutsa mphepo, kutali ndi fungo la dizilo ndi la nsomba. Mayi wa kufamase uja anali atanenanso zomwezi. Titangochoka pa gombe n'kulowa pakati, mwera unatilandira. Sitima inkakwera pang'onopang'ono ngati ikukwera chulu, kenako n'kutsika, m'mimba n'kumva ngati mwatsala m'mwamba. Anthu anayamba kukhala chete mmodzimmodzi. Majumbo anatuluka. Ine ndemwe nseru inandigwira, ndipo chomwe chinandithandiza ndi kuyang'ana patali pomwe madzi amakumana ndi thambo, komanso kutafuna kajinja komwe ndinagula mumsika wa Kasungu.

Mtsikana wanga, atamwa piritsi lake pa nthawi yake, anagona atatsamira bambo ake. Anadzuka kamodzi n'kudandaula kuti kukhosi kwauma, anamwa madzi, n'kugonanso.

Khanda lija linasanza kamodzi. Ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa apa m'pamene mayi amachita mantha. Ndinali nditamuyamwitsa kwa nthawi yaitali kuti asalire n'kusokoneza anthu ogona, kenako ndinamubereka kumsana osadikira kuti ageye. Sitima itatsika mwamphamvu, ndinamva kutentha pamsana. Mtima unagunda. Ndinamutsitsa msanga, kumupendeketsa chammbali kuti masanzi asabwerere kukhosi, kumupukuta, n'kumuyang'ana pa kuwala kwa tochi ya foni. Unali mkaka woyera. Ndinamuyeza kutentha, kunali bwinobwino. Liwombo linali m'malo mwake. Ndinadikira mphindi 10 zija, zomwe zinatalika ngati ola, n'kumupatsa bele pang'ono. Anayamwa ndi mphamvu, n'kuyamba kusewera ndi mkanda wanga. Kuchokera pamenepo ndinamunyamulira kutsogolo, mutu uli pachifuwa panga kuti usamagwedezeke, ndipo ndinkamuyamwitsa pang'ono koma pafupipafupi. Sanasanzenso. Phala ndinadikira mpaka titatsika.

Usiku umenewo ndinaganiza za botolo lija. Akanakhala kuti wamwa mankhwala ogonetsa, n'kusanza ali kumsana, ali m'tulo tofa nato, mumdima, ine ndemwe ndili ndi chizungulire, kodi ndikanadziwa nthawi yanji? Mpaka lero ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsembwe.

Tinaima pa Chizumulu, kenako Likoma, milambe ili ndandanda pa gombe, mapiri a ku Mozambique akuoneka pafupi ngati ungawakhudze. Apongozi anamulandira mdzukulu wawo ndi nthungululu. Lamulungu tinakapemphera m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, ndipo agogo ake anamunyamula okha kuchokera kunyumba mpaka kukafika. Thanzi uja anagwira ntchito tsiku lachinayi, osati kwa khanda koma kwa mchemwali wake amene anatsegula m'mimba. Tinasungunula monga momwe envulopu inanenera.

Tsopano zofooka za famaseyi, chifukwa zilipo.

Mzere ndi wautali. Munthu wodziwa mankhwala amakhala mmodzi, ndipo poti amafotokozera aliyense mofatsa, ena mumaima mpaka miyendo kuwawa. Mpando ulipo umodzi wokha. Kwa mayi wobereka mwana, m'chipinda chotentha chopanda fani, si zophweka. Chachiwiri, palibe malo oyankhulira mwachinsinsi. Nkhani yanga yonse anaimva anthu a pa mzere, ndipo ine inali ya ulendo chabe. Nanga mtsikana wobwera ndi vuto loti sangalitchule pagulu? Kansalu kotchinga pakona kangathandize kwambiri. Mitengo nayo ndi yokwererapo poyerekeza ndi timasitolo ta mumsika, makamaka kachipangizo koyezera kutentha kaja. Ndinalipira ndikung'ung'udza, ngakhale kakugwirabe ntchito mpaka pano. Ndinafunanso kasirinji komwetsera mwana mankhwala, anati kanatha.

Koma chomwe chinandidandaulitsa kwambiri ndinachiona titabwerako. Ndinapitanso madzulo ena kuti ndikathokoze mayi uja ndi kumusiyira kausipa kouma komwe apongozi anatipatsa. Sindinamupeze. Pa kauntala panali mnyamata wina, waulemu ndithu, koma pomwe ndinaima ndinaona bambo wina akutchula dzina la mankhwala a chifuwa a mwana, mnyamatayo n'kungofunsa kuti, "Mukufuna botolo lalikulu kapena laling'ono?" Sanafunse zaka za mwana. Sanafunse kuti chifuwacho chayamba liti. Ndinadzifunsa kuti ndikanabwera madzulo tsiku lija ndi kapepala kanga, kodi si bwenzi nditatuluka ndi Phenergan m'chikwama? Eni famase aione bwino nkhani imeneyi. Mafunso omwe mayi uja amafunsa ayenera kufunsidwa ndi aliyense woima pa kauntala imeneyo, m'mawa kapena madzulo.

Ndinabwereranso Lachiwiri m'mawa ndipo ndinamupeza. Anandikumbukira, n'kufunsa kaye za mtsikana wamkulu asanafunse za khanda. Ndinamuuza za ku Chikangawa, iye anati ulendo wina piritsi lidzamwedwe tisanakwere basi, ndipo anandilembera momwe ndingadzamupatsirenso pa ulendo wautali wotero. Ndinamuuzanso za mnyamata wa madzulo uja. Anamvetsera osandidula, n'kunena kuti akayankhula ndi abwana ake. Usipa analandira ndi manja awiri.

Mayi woyandikana nane uja ndinamuonetsa envulopu. Anakhala chete kanthawi, kenako anapempha kuti aijambule pa foni. Mwezi wa Disembala akupita ku Nkhotakota ndi mapasa ake a chaka chimodzi, ndipo ndamuuza kuti akapite kufamaseko m'mawa, atatenga timabuku tonse tiwiri ta kusikelo, ndipo akapeza mnyamata uja adikire kaye mpaka mayi wa gauni loyera atafika.