Wailesi ya m'galimoto ya fulashi ndi Bluetooth, patatha miyezi 7

Wailesiyi ndinaigula mu April m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto ku Limbe, koma ndachita kudikira dala mpaka mvula yoyamba kuti ndilembe ndemangayi. Ndikanalemba mu June ndikanainyoza ilibe mlandu.

Ndi ya zopyapyala zija amati single DIN. Polowetsa chimbale palibe. Ili ndi polowetsa fulashi, memori khadi, kawaya ka aux, ndiponso Bluetooth, ndipo imabwera ndi karimoti kochepa ngati bokosi la machesi. Za dzina lake tisavutane, chifukwa lomwe lalembedwa pa katoni ndi lina, lomwe limatuluka pa foni ukamailumikiza ndi linanso. Mukazungulira masitolo a ku Limbe muzipeza zambirimbiri, nkhope imodzimodzi, maina okha kusiyana. Ndalama yake panthawiyo inali yokwanira matayala awiri a kaunjika.

Galimoto yanga ndi ya 2009, mwa zing'onozing'ono zochokera ku Japan zimene zimatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Inabwera ndi chiwailesi cha sikirini chokongola ndithu, chimene m'mawa uliwonse chinkandilonjera m'Chijapani ndi mawu a mayi wina waulemu kwambiri. Vuto lake onse a magalimoto amenewa akulidziwa. Mawailesi akale a ku Japan amagwira FM kuyambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, pomwe kuno nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye umangopeza masiteshoni awiri kapena atatu a m'munsimo, ena onse osawamva n'komwe. Amene anali nayo poyamba anaikamo kabokosi kaja amati expander, kothandiza wailesi kugwira masiteshoni a kuno, koma nambala ya pa sikirini sinkagwirizana ndi siteshoni yomwe ukumva, ndipo phokoso linali ngati akukazinga chimanga. Kenako tsiku lina titachotsa batire, sikirini inatseka n'kuyamba kufuna khadi ya mapu yomwe sindinaionepo chigulireni galimotoyo. Chaka chathunthu tinayenda zii, oimba anali ana kumbuyoku.

Mnyamata wina wa kuseri kwa sitoloyo ndiye anandiikira yatsopanoyi. Ola silinakwane. Anadula pulagi ya Chijapani, n'kupotokola mawaya, n'kukulunga ndi tepi yakuda, basi nyimbo zayamba. Bowo la pa dashibodi ndi la double DIN, lotalika masentimita 10, pomwe wailesiyi ndi ya masentimita 5, choncho pansi pake panatsala mpata womwe tinatsekapo ndi kathireyi kogula padera. Amene mukufuna kugula, kathireyi kameneka muwerengeretu.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri sabata zoyambazo n'chakuti wailesi inkalira ngakhale kiyi ali m'thumba. Loweruka ndikamatsuka galimoto ndinkatsegula zitseko zonse, nyimbo zili pakamwa, ndipo ndinafika powanyadira aneba kuti zipangizo za masiku ano n'zanzeru. Ndinkanyadira matenda osadziwa.

June atafika, chiperoni chitagwira Blantyre, galimoto inagona panja kuyambira Lachisanu madzulo. Lolemba m'mawa, ana avala kale yunifolomu, ndikuti ndilize, inangoti tyetyetye, kenako chete. Ndi ya automatic, ndiye zokankha iwalani. Aneba omwe ndinkawanyadira aja ndi amene anatulutsa majampa awo, akumwetulira chamumtima. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Makaniko wina anati batire latha, gulani lina. Wina anati alitaneta siikutchaja, aimasule. Mayi a kunyumba anati chiyambireni kuika wailesi ija galimoto yasanduka ya masiku osankha, ndipo ine ndinawayankha mwaukatswiri kuti wailesi ndi injini n'zosakhudzana. Ndimachitabe manyazi ndikakumbuka.

Amene anagwira mfiti ndi madala ena a zamagetsi a galimoto ku Ndirande. Sanamasule kanthu poyamba. Anaika mita yawo pa batire injini ikulira, inawerenga mavoti 14.1. Anati alitaneta ili bwino, chifukwa yabwino imapereka pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena chapompo. Tinazimitsa, kuchotsa kiyi, kutseka zitseko, iwo n'kuchotsa waya wa negetivu n'kulumikiza mita pakati. Inaonetsa 0.25 A. "Bwana, batire lanu lisanamiziridwe," anatero, "pali amene akulidya usiku." Galimoto yogona imayenera kukoka pang'ono zedi, osapitirira 0.05 A. Anayamba kuzula mafyuzi imodziimodzi, ndipo atazula ya wailesi nambala ija inagwa nthawi yomweyo.

Atatulutsa wailesi nkhani yonse inali poyera. Mawailesi amenewa ali ndi mawaya awiri a moto. Wachikasu umafuna moto wosazima wochokera ku batire, ntchito yake n'kusunga wotchi ndi masiteshoni omwe mwatchera. Wofiira umayenera kulandira moto pokhapokha mwatembenuza kiyi. Mnyamata uja anaphatikiza onse awiri pa waya wosazima, mwina posafuna kuvutika n'kufufuza wa ku kiyi. Ndiye ngakhale ndinkaizimitsa pa batani, mkati mwake inali maso usiku wonse, Bluetooth ikudikira foni, polowetsa fulashi pali moto. Madalawo anandiwerengera pa chikatoni: 0.25 kuchulukitsa ndi maola 24 ndi 6 Ah pa tsiku (Ah ndi muyeso wa moto wosungidwa m'batire), batire langa ndi la 35 Ah, ndiye Lachisanu mpaka Lolemba pafupifupi theka lapita, kuwonjezapo kuzizira komwe kumafooketsa batire kale. Anawotcherera mawayawo bwinobwino ndi soda, wofiira kwake, wachikasu kwake. Chichokereni pamenepo galimoto sinakanenso kulira. Ndinawalipira ndalama yosafika ndi kotala yomwe ya mtengo wa batire lomwe ndinatsala pang'ono kugula. Ngati yanu ikulira kiyi mulibe, musachite ngati ine, kaonetseni lero.

Koma chimene ndinagulira wailesiyi kwenikweni si FM ayi. Pansi pa bedi pathu pakhala katoni ya makaseti pafupifupi 140 omwe ndinayamba kutolera ndili ku sekondale m'zaka za m'ma 1990. Ena ndi a kwa O.G. Issa, sitika ya COSOMA ikadali pomwepo, ena ndinkajambula ndekha pa wailesi, moti mawu a muulutsi amalowerera nyimbo isanathe. Muli za ku Balaka, reggae ya ku Chileka, makwaya, rumba ya ku Congo, kalindula wa ku Zambia, sungura ya ku Zimbabwe. Kuwonjezera apo pali zimbale zokalikakalika, mafulashi atatu a kwa anyamata obena nyimbo, ndi zambirimbiri zobwera pa WhatsApp. Ndinkaganiza kuti ndingokhuthulira zonsezi mu fulashi imodzi, nkhani yatha. Wailesiyi inandiphunzitsa kuti ili ndi malamulo ake, ndipo kabuku kake ka zilembo zonga nyerere sikatchula ndi limodzi lomwe.

Fulashi yoyamba inali ya 64 GB. Kulowetsa, sikirini inangolemba kuti mulibe kanthu. Ndinatsala pang'ono kubwerera ku Limbe kukakalipa. Mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za makompyuta, ndiye anandimasulira kuti mafulashi aakulu amabwera atafomatidwa m'njira yotchedwa exFAT, pomwe mawailesi otchipawa amawerenga ya FAT32 basi. Ya 32 GB inagwira tsiku lomwelo. Kenako ndinaona kuti nyimbo zina ikungozilumpha mwakachetechete. Imaimba MP3, WMA ndi WAV, koma za m4a ndi opus, zomwe ndi zambiri mwa zochokera pa foni, siizidziwa. Zonsezo zinafunika kuzisandutsa MP3 kaye.

Lamulo lomwe linandichititsa manyazi ndi la ndondomeko. Pa kompyuta nyimbo zimaoneka zitandandalika bwino motsata alifabeti, koma wailesiyi imaimba motsata mmene zinalowera mu fulashi, yoyamba kukopedwa ndiyo yoyamba kuimbidwa. Ndinazindikira izi ndili pa msewu wa ku Mulanje, nditanyamula apongozi anga aakazi ndi amayi ena awiri a chigwirizano tikupita ku maliro. Kwaya inali ikuimba bwino, onse akutsatira chapansipansi, ndipo itangotha panabwera nyimbo ina ya kumowa, ya mawu oti sindingawalembe pano. Karimoti kanali kagwera pansi pa mpando. Apongozi anangoyang'ana kunja, kuonerera minda ya tiyi ngati akuiona koyamba. Mpaka lero sanaitchulepo nkhaniyi, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa kwambiri.

Usiku womwewo ndinafufuta fulashi yonse n'kuyambiranso. Njira yake n'kukopera foda imodzi, kudikira ithe, kenako ina. Sikirini imaonetsa zilembo 8 zokha nthawi imodzi, zotsalazo zimayenda pang'onopang'ono ngati nkhono, choncho maina aatali ndi opanda ntchito munthu uli pa chiwongolero. Mafoda a mkati mwa mafoda anzawo imawapeza, koma imawasakaniza moti sudziwa pomwe uli. Ine ndinkafuna kusanja motsata oimba, monga ndinkachitira ndi makaseti, aliyense pamzere wake ndi chaka chake. Mayi a kunyumba anati m'galimoto munthu safuna woimba, amafuna nyimbo yogwirizana ndi kumene akupita ndi amene wanyamula. Tinakangana masiku awiri, ndipo apanso anapambana ndi iwo. Pano mafoda alipo 9, nambala kutsogolo: 01MMAWA, 02KWAYA, 03BALAKA, mpaka 09, yomwe ndinaitcha NDEKHA ndipo ili kumapeto dala. Kusanja kwa oimba ndi zaka ndinakusiya pa laputopu, komwe kulibe apongozi. Za kwa obena nyimbo zija ndiye zinandidyera nthawi, chifukwa munali "Track 01" zokwana 30, iliyonse yofunika kuimvera kaye kuti ndiipatse dzina.

Makaseti ndi ntchito ya Lamlungu masana. Ndimalumikiza chiwailesi chakale cha makaseti ku laputopu ndi kawaya ka aux, n'kujambula ndi Audacity, pulogalamu yaulere. Palibe chidule, kaseti ya C90 imafuna mphindi zake 90, ndipo magetsi akazima pakati ndiye kuyambiranso mbali yonseyo. Ena anachita chuku, ena amafuna kuwapukusa kaye ndi cholembera monga tinkachitira kale posunga mabatire. Ndimasunga pa 192 kbps, ndipo C60 imodzi imatenga pafupifupi 86 MB, kutanthauza kuti katoni yonse ija singafike ndi theka lomwe la fulashi. Ndinaseka ndekha nditawerengera zimenezi, poganizira mmene katoniyo yatizunzira posamuka nyumba katatu konse.

Kaseti ina inalibe chikuto, inangolembedwa "1996" ndi pensulo. Inapezeka kuti ndi kwaya ya kumpingo kwathu kumudzi, yojambulidwa ndi wailesi ya m'manja, ndipo malemu mayi anga akumveka bwinobwino mbali ya alto. Mwezi watha ndikuwaperekeza bambo ku Zomba ndinaiika osawauza. Sanayankhule mpaka pa Namadzi, pomwe anangoti, "Tabwezanso ija." Tinaibwereza kanayi. Batani lobwezera limagwira bwino, ndipo ukazimitsa galimoto n'kuilizanso nyimbo imapitirira pomwe inalekera.

Kamvekedwe kake n'kapakatikati. Pa katoni analemba 4 x 50W, koma ndi masipika a galimoto yanga mawu amayamba kusweka voliyumu ikadutsa 25 pa 40. FM imagwira masiteshoni onse tsopano, ndipo m'tauni imamveka mbee. Pa M1, ukadutsa Zalewa kulowera ku Ntcheu, umafunika kusakanso, koma pamenepo sindingaiimbe mlandu. Bluetooth pa nyimbo ilibe vuto. Pa kuyankhula ndiye ayi, kamaikolofoni kake n'kofooka, mawindo akakhala otsegula wa mbali inayo amangomva mphepo. Ilinso ndi tsankho, tikalowa tonse imathamangira foni ya mayi a kunyumba. Ukamatchaja foni uku ukuimba kudzera pa aux, pamamveka kamluzu kokwera ndi kutsika motsata injini. Magetsi ake amasinthasintha mitundu ngati m'bala mpaka utapeza pozimitsira mu menyu, ndipo nkhope yake siichoka, choncho poimika m'tauni ndimaphimbapo kansalu. Fulashi gulani yaifupi. Yaitali yomwe ndinali nayo inathyoledwa ndi bondo la mwana pa hampu ya pa Bangwe, mwayi zonse zinali pa laputopu.

Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha maikolofoni ndi kabuku kosathandiza kaja, osati za batire, poti amene anaphatikiza mawaya si wailesi. Makaseti ndafika pa 53. Wa 54 uli m'kati lamba wa chiwailesi chakale chija anaduka, ndipo labala yomwe ndinayesa kuikapo ikuimbitsa kwaya ngati onse ali ndi chimfine. Loweruka ndikazungulira kwa okonza mawailesi mumsika wa Limbe ndi kalamba kodukako m'thumba.