Kasikelo ka m'khitchini kwa munthu wa IBS wofuna kubweza thupi: ndikupereka nyenyezi zinayi

Sikelo ndikunenayi ndi yaing'ono, yafulati, yagalasi pamwamba, yoyendera mabatire awiri aja a AAA. Imayeza kuyambira galamu imodzi mpaka makilogalamu 5. Dzina lolembedwa pakona pake si lodziwika, ndipo masikelo a mtundu umenewu amafanana pafupifupi onse, ndiye zimene ndinene pano zikukhudzanso iliyonse imene mungapeze. Chandilembetsa n'chakuti ndemanga zonse zimene ndinawerenga ndisanagule zinali za anthu ofuna kuchepetsa thupi, kapena ophika makeke. Anthu ngati ine, amene tili ndi vuto la m'matumbo lija amati IBS ndipo thupi linatithera, palibe anatitchula.

Amene amadwala matendawa akudziwa mmene mbale yodzaza imathera. Chakudya chikangotambasula chifu, matumbo aakulu amalandira uthenga woti ayambe kukankha. Izi zimachitika kwa munthu aliyense, koma kwa ambiri a ife uthengawo umafika mwamphamvu mopitirira. Usanadzuke n'komwe patebulo, m'mimba mwayamba kupotokola, mimba yafufuma, maso ali kuchimbudzi. Ndiye munthu umachenjera molakwika. Ukakhala ndi ulendo sudya m'mawa. Masana umangolawa. Chakudya chilichonse chimene chinakupwetekapo kamodzi umachichotsa pamndandanda, mpaka utsale ndi mpunga woyera ndi tiyi. M'mimba mumakhaladi bata, koma lamba umangomusunthira bowo lam'kati.

Ndisanapitirire, pali chimene dokotala wanga anachigogomezera, ndipo sikelo singachichite. IBS payokha siwondetsa munthu. Ngati thupi likutsika koma kudya sunachepetse, makamaka ngati pali magazi m'chimbudzi, magazi akuchepa m'thupi, kapena kutsegula m'mimba kukukudzutsa usiku, pamafunika kufufuza zina. Ine anandiyeza magazi kuona ngati ndili ndi matenda a coeliac, aja thupi limadana ndi gluten wa mu tirigu, ndipo anandichenjeza kuti ndisasiye buledi ndisanayezetse chifukwa zotsatira zimatha kunama. Anayezanso chimbudzi kufufuza calprotectin, imene imakwera matumbo akatupa ngati pa matenda a Crohn. Zonse zitatuluka bwino ndi pamene ananditumiza kwa katswiri wa za kadyedwe. BMI yanga, nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi kutalika kwa munthu, inali pansi pa 18.5, malire amene amanena kuti munthu ndi wochepa thupi kuposa muyezo. Katswiriyo ndi amene anati ndigule sikelo, ndilembe chilichonse cholowa m'kamwa.

Diso limanama, makamaka la munthu amene amaopa chakudya. Mpunga wophika umene unkandikhutitsa mpaka kupuma movutikira, nditauika pasikelo unali magalamu 150. Mpunga wophika umakhala ndi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 130 pa magalamu 100, kutanthauza kuti mbale yonseyo sinkafika n'komwe pa 200. Munthu wamkulu amafunika makalori cha m'ma 2,000 kapena kuposerapo patsiku kuti thupi lingoima pamene lili, ndipo a NHS, bungwe la boma la zaumoyo ku Britain, amalangiza kuti wofuna kunenepa awonjezere 300 mpaka 500 pamwamba pake. Kukhuta kwa munthu wa IBS si umboni woti wadya zokwanira. Nthawi zambiri ndi mpweya ndi matumbo amene amamva msanga.

Apa ndi pamene kasikeloka kanalipira mtengo wake, ndipo nyenyezi zinayizo zapita kwa batani limodzi, lolembedwa TARE. Umaika mbale yopanda kanthu, n'kudina, nambala n'kubwerera pa ziro. Umapakula mpunga, n'kuwerenga, n'kudinanso. Umaika dzira, n'kudinanso. Kenako umathira mafuta, ukuona nambala ikukwera: 4, 7, 10, basi. Mbale ndi imodzi, palibe supuni yoyezera yoti utsuke. Kwa munthu amene akudya kasanu kapena kasanu n'kamodzi patsiku, zimenezi ndi zazikulu, chifukwa chinthu chotopetsa umachisiya sabata isanathe. Pali kanjira kena kamene ndimakakonda. Botolo la chiponde ndimaliika lonse pasikelo, n'kudina batani lija, n'kutapa. Sikelo imasonyeza nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo, ndipo imeneyo ndiyo yachoka m'botolo, kuphatikizapo chimene chatsalira kusupuni chimene ndinyambite.

Nkhani ya mafuta ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona zonse. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi kapena ya mapuloteni ili ndi 4. Ngati mimba ikukana mbale yaikulu, njira yatsala ndi kulemeretsa mbale yaing'ono. Supuni yaikulu ya mafuta a maolivi, magalamu 13 kapena 14, ndi makalori pafupifupi 120, ndipo pambale sioneka n'komwe. Masupuni awiri a chiponde ali cha m'ma 190. Tchizi cholimba ngati cheddar chili ndi pafupifupi 400 pa magalamu 100, ndipo shuga wa mumkaka uja amati lactose mumatsala wochepa kwambiri. Vuto ndi lakuti mafuta ambiri nthawi imodzi amautsanso matumbo, mwina kuposa kukula kwa mbale. Nkhuku yokazinga m'mafuta osambira imandigoneka. Koma magalamu 10 othira pamwamba pa chakudya chophika kale, kasanu patsiku, amadutsa mwakachetechete, ndipo pofika usiku ndi makalori 450. Kusiyana kwa magalamu 10 ndi 25 dzanja silikudziwa. Botolo likapendekeka pang'ono basi, wapitirira. Malire anga ndi amenewo, anu angakhale ena, koma simungawapeze popanda nambala.

Ntchito yachiwiri ya sikelo ndi ya FODMAP. Amenewa ndi magulu a shuga amene salowa bwino m'thupi kudzera m'matumbo aang'ono. Amakokera madzi m'matumbo, ndipo akafika m'matumbo aakulu tizilombo ta m'menemo timawasasitsa n'kutulutsa mpweya. Muli ma fructan a mu anyezi, adyo ndi tirigu, GOS wa mu nyemba, lactose wa mumkaka, fructose wochuluka wa mu uchi, mango ndi maapozi, ndiponso sorbitol ndi mannitol. Kadyedwe kochepetsa zimenezi kanachokera ku Monash University ku Melbourne, m'dziko la Australia, kwa Peter Gibson, Sue Shepherd ndi anzawo, ndipo dzinalo linatuluka mu 2005. Yunivesiteyi ili ndi pulogalamu ya pafoni imene imaika zakudya pa mitundu ya maloboti apamsewu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira.

Anthu ambiri amangotenga mndandanda pa intaneti, uku zololedwa uku zoletsedwa. Koma mitunduyo imayendera kuchuluka kwa chakudya. Mbatata pafupifupi magalamu 75 ndi yobiriwira, ukawonjezera imasintha mtundu. Nthochi yolimba, imene sinayambe mawanga, ungadye yonse, koma yakupsa kwambiri ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ma almond khumi ali bwino, dzanja lodzaza ayi. Manambalawa amasintha akayezanso zakudyazo, ndiye ndi bwino kumayang'ana atsopano, koma mfundo yake ndi yomweyo. Kwa munthu wowonda iyi ndi nkhani yabwino kwambiri. Zakudya zimene ndinazithamangitsa kalekale zinabwerera pang'onopang'ono, chilichonse pa muyezo wake. Zina n'zosafunika kuyeza n'komwe pa nkhani ya FODMAP: mazira, nyama, nsomba ndi mafuta mulibe, mpunga ndi mbatatesi ndi zomasuka. Ndipo poti ma fructan amasungunuka m'madzi koma osati m'mafuta, adyo ndimamutenthetsa m'mafuta n'kumuchotsa ndisanathire china chilichonse. Fungo limatsala. Mafuta oterewa ndimapanga a nthawi yomweyo, sindisunga, chifukwa adyo wosungidwa m'mafuta kunja kwa firiji angathe kubala poizoni woopsa.

Katswiri uja anandiuza mosabisa kuti sakonda kuika munthu wochepa thupi pa gawo loyamba la kadyedweka, lija umachotsa zonse. Gawolo ndi la masabata 2 mpaka 6 basi, kenako umabweza gulu limodzilimodzi kuti uone lokupweteka ndi liti. Ine anandichotsera zikuluzikulu zokha, anyezi, adyo, nyemba ndi mkaka wamba, zina n'kuzisiya. Pobweza ndi pamene sikelo inagwiranso ntchito. Umayamba ndi pang'ono, mawa n'kuwonjezera, mkuja n'kuwonjezeranso, ukulemba magalamu ndi zimene mimba yanena. Ndinapeza kuti mkaka theka la kapu ndimaupirira, koma anyezi ngakhale kachidutswa ndi nkhondo.

Tsopano nyenyezi yachisanu inapita kuti. Choyamba, imazima yokha msanga. Ukaika mbale, n'kudina ziro, n'kutembenuka kukatakasa poto, pobwerera yazima, ndipo ukaiyatsa imayamba pa ziro mbale ndi chakudya zili pomwepo. Kulemera kwa mbale zanga zitatu ndinachita kulemba papepala n'kumata pachitseko cha kabati kuti ndizichotsera ndekha. Chachiwiri, kagalasi ka manambala kali pafupi kwambiri ndi poika mbale. Mbale yafulati yaikulu imakaphimba, ndiye umachita kuwerama n'kusuzumira pansi pake. Ine ndimavundikira kambale kakang'ono pasikelo n'kusanjika inayo pamwamba. Mukamagula, sankhani imene manambala ake atulukira kunja ndipo amawala.

Chachitatu ndi chimene chimandikwiyitsa kwenikweni. Ukamathira mafuta modontheza, sikelo imaganiza kuti ndi kugwedera chabe, nambala imangokhala pa ziro, kenako mwadzidzidzi yalumphira pa 5. Mankhwala ake ndi kuthira molimba mtima poyamba, kapena kugunda mbale ndi chala kuti idzuke. Pa zinthu za magalamu awiri kapena atatu, ngati ufa wa psyllium umene ena amamwa akadzimbidwa, musaidalire, gwiritsani supuni. Ilinso ndi batani losinthira ku mamililita. Lisiyeni. Limangoganiza kuti chilichonse chamadzimadzi n'cholemera ngati madzi, pamene mafuta ndi opepukirapo. Khalani pa magalamu.

Kutsuka n'kosavuta, galasi umangopukuta ndi kansalu. Mabatire amakhalitsa, kungoti akayamba kutha manambala amayendayenda chizindikiro chisanaoneke. Ndikakayikira ndimayeza madzi mamililita 500 m'chikho choyezera. Akapanda kusonyeza magalamu 500 kapena pafupi pomwepo, ndimasintha mabatire.

Pali chimodzi chimene sikelo siona, ndipo ofuna kunenepa timagwa nacho kawirikawiri. Ufa wa m'zitini uja amagulitsa kuti ndi wonenepetsa umayezeka bwinobwino, koma werengani kumbuyo kwa chitini. Mukaona inulin kapena chicory root, amenewo ndi ma fructan. Mukaona sorbitol, mannitol, xylitol kapena maltitol, dziwani kuti amatsegula m'mimba ngakhale kwa anthu alibe IBS. Pa mapuloteni ochokera mumkaka aja amati whey, whey concentrate amakhala ndi lactose wambiri kuposa whey isolate. Ine ndimapanga changa: mkaka wopanda lactose, nthochi yolimba, chiponde ndi oats pang'ono, zonse ndikuyezera m'chikho cha makina ogayira chili pasikelo pomwepo. Chimafika cha m'ma makalori 500. Sindichigugudiza. Ndimachigawa pawiri, theka m'mawa dzuwa litakwera, theka madzulo, ndipo pakati pa chakudya ndi chinzake ndimasiya maola awiri kapena atatu kuti tizidutswa tobiriwira tija tisaunjikane n'kukhala chofiira. Madzi ndi tiyi ndimamwa pakati pa zakudya, osati pamodzi ndi chakudya, chifukwa malo m'mimbamu ndi ochepa.

Thupi linabwerera pang'onopang'ono, mwina theka la kilogalamu pa masabata awiri, masabata ena osasuntha n'komwe, makamaka m'mimba mukavuta. Ndinawonjezerapo kunyamula zitsulo pang'ono kuti zowonjezerazo zipite ku minofu. Panopa BMI yadutsa malire aja. Masiku oipa akadalipo, ndipo ena sachokera m'mbale, amabwera ndi nkhawa kapena kusagona.

Sindingalimbikitse aliyense kugula. Ngati manambala amakugwirani mtima, ngati munavutikapo ndi matenda okana kudya, kapena mwayamba kukana chakudya cha kwa anzanu chifukwa sichinayezedwe, kambiranani kaye ndi dokotala kapena katswiri wa za kadyedwe, chifukwa IBS ndi mantha a chakudya zimayendera limodzi kawirikawiri ndipo sikelo ingakulitse manthawo. Kwa enafe ndi chida cha miyezi ingapo. Mpunga, mbatata ndi nthochi ndinasiya kuyeza, diso linaphunzira. Mafuta okha ndi amene ndimayezabe tsiku lililonse, ndi chakudya chatsopano chilichonse pamene ndikuchiyesa koyamba.