Miyezi 9 ndikubayitsa singano za Atchaina pamsana

Ndinayamba kubayitsa singano mu Febuluwale, ndipo lero tili mu Novembala. Ndinachedwa dala kulemba, ndimafuna kuti kuzizira kwa Juni ndi Julayi kudutse kaye, chifukwa kuno ku Joni ndi nthawi imene msana wanga umaonetsa khalidwe lake lenileni.

Ndine telala, ndipo ndakhala pa makina zaka 19. Ululu umayambira m'chiuno, n'kutsikira m'tako lakumanja mpaka kuseri kwa ntchafu. Brufen ndinkamwa m'mawa ndi madzulo mpaka m'mimba munayamba kutentha, ndipo anesi a ku kiliniki anandiletsa, makamaka popeza ndimamwanso mankhwala a BP. Mnzanga wina wa m'shopu ndiye anandilondolera kwa bambo wina wa ku China cha ku Cyrildene, dera lina la mu Joni momwemuno, amene amachita acupuncture, njira yochiza pobaya singano. Ndisanagone pabedi pawo ndinapempha kuona satifiketi, poti kuno ntchitoyi amayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa. Inali pakhoma.

Tsiku loyamba anandiuza kuti nditulutse lilime, n'kuliyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anagwira mitsempha ya pamikono yonse iwiri ndi zala zitatu. Singano zake n'zopyapyala ngati tsitsi, amazitsegula m'paketi inu mukuona, ndipo akazizula amataya. Apa sindinyengerera. Tinakula tikuona lezala imodzi ikutema mphini banja lonse, ndipo tikudziwa zimene HIV ndi matenda a chiwindi zinachita kudzera m'magazi. Amene abweretse singano yosatsegula pamaso panu, dzukani muzipita.

Anandibaya singano 12, zambiri m'chiuno, koma ziwiri kuseri kwa mawondo. Nditafunsa kuti bondo lalakwanji, anati malowo amatchedwa Weizhong ndipo kuyambira kale ndi amene amabaya msana ukavuta. Kulowa kwa singano sikupweteka kwenikweni. Chimene chimamveka ndi pamene aipotokola pang'ono: pamabwera kulemera kwinakwake, dzanzi losakanikirana ndi kutentha, limene iwo amati deqi. Kenako amayatsa nyale yofunditsa pamsana n'kukusiyani mphindi 25.

Maulendo atatu oyamba msana sunasinthe, kungoti ndinkagona tulo tabwino usiku umenewo. Pofika ulendo wachisanu ndinavala nsapato m'mawa osagwira khoma. Ndinapita kawiri pa sabata kwa masabata asanu, kenako kamodzi pa mwezi. Ulendo uliwonse unali marandi 450, ndiye miyezi iwiri yoyambayo ndalama yotumiza kumudzi inachepa, ndipo mayi anazindikira. Mu Julayi, maoda a zovala za ukwati atandipanikiza m'nyengo yozizira ija, ululu unabweranso mwamphamvu ndipo ndinapita katatu motsatizana usanatsike. Choncho sindinachire. Msana ulipobe, koma Brufen sindinamwenso kuyambira mu Epulo, ndipo ndimasoka tsiku lonse.

Adokotalawo amafotokoza kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, ndipo ikatsekeka penapake m'pamene pamapweteka. Zimenezi sindizimeza zonse. Ku Germany anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2007, pa anthu oposa 1,100 odwala msana. Mwa amene anabayidwa m'malo oyenera, pafupifupi 48 pa 100 alionse anapeza bwino. Amene anabayidwa mwachiphamaso m'malo ena anali 44. Pomwe amene analandira mapiritsi ndi mafizo okha anali 27. Ine ndimamva kuti singano zimathandiza ndithu, koma mapu a malo obaya aja sindiwo mwini nkhani. Ndipo adokotala omwewo anandikakamiza kukweza mpando wa makina ndi kumaimirira ola lililonse, ndiye mbali ina ya mpumulowu ndi ya mpandowo.

Makapu oyamwa khungu ndinayesa kawiri. Amasiya zipsera zozungulira zofiirira sabata yathunthu, ngati zija anthu anaziona pa katswiri wosambira Michael Phelps pa masewera a Olimpiki ku Rio mu 2016. Thupi limapepuka tsiku limodzi kapena awiri basi. Ndinasiya.

Pamene pandipwetekabe mtima ndi pa mankhwala akumwa. Mu Meyi anandipatsa ufa wa zitsamba wosungunula m'madzi otentha, woti uzilimbitsa chiuno. Patatha masabata atatu mutu unayamba kugunda ndipo mapazi anatupa. Ku kiliniki BP inapezeka pa 165/100, chonsecho mapiritsi anga sindinadumphe ngakhale tsiku limodzi. Titawerenga pepala la zosakaniza tinapeza gancao, muzu wotsekemera umene Azungu amati licorice. Umapezeka m'misakanizo yambiri ya Atchaina, ndipo ukaumwa kwa nthawi umasunga mchere ndi madzi m'thupi, n'kuchepetsa potaziyamu, BP n'kukwera. Za BP yanga ndinali nditanena tsiku loyamba lomwe. Adokotala a singano aja anaiwala, ndipo nditabwerera anapepesa. Nditasiya ufawo, BP inatsika pasanathe mwezi. Kuyambira pamenepo ndimalola singano zokha.

Sikuti ndikunyoza zitsamba za ku China. LA amene ana athu amamwa kwathu akadwala malungo muli artemether, wochokera ku chitsamba chotchedwa qinghao. Mayi Tu Youyou ndi anzawo anapeza mphamvu yake chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 atafufuza m'mabuku akale, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma chitsambacho chinayesedwa, mlingo wake n'kudziwika, chisanafike m'manja mwa mwana. Ufa umene ndinapatsidwa ine unali wa supuni.

Amene mukuganiza zopita, auzeni a singanowo ngati muli oyembekezera kapena mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin. Ndipo ngati msana wabwera ndi dzanzi pakati pa miyendo, mwendo ukufooka, kapena mkodzo ukutuluka wokha, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osati kwa a singano.

Sabata yatha alamu anga anandifunsa ngati angapititseko amuna awo, amene ali ndi shuga komanso bondo lowavuta. Ndinawayankha kuti, “Alamu, za bondo apite, ndiwaperekeza ndekha Loweruka. Koma metformin, mankhwala awo a shuga, asasiye, ndipo chilichonse chakumwa akapatsidwa, akachionetse kaye kwa anesi.” Ine tsiku langa lotsatira ndi pa 6 Disembala, maoda a Khirisimasi asanandigwire.