Ford Maverick: pikapu yabwino, koma mtengo wake ukuyendera msonkho

Ford Maverick itatuluka ku America mu 2021, anthu sanathamangire maonekedwe ake kapena kulira kwa injini. Anathamangira mtengo. Inkayambira pa $19,995, osawerengera ndalama yoifikitsira kwa wogulitsa, ndipo pikapu yatsopano ya zitseko zinayi pa mtengo wotere inali itasowa kalekale pamsika wa kumeneko. Maoda anachuluka mpaka kampaniyo inasiya kaye kulandira ena. Mtundu wa 2025 unalengezedwa pa $26,295, kenako unakweranso chaka chisanafike pakati. Wofuna kudziwa ngati galimotoyi ikadali yoyenera ndalama zake ayenera kuyang'ana pansi pa boneti, komanso pamalire a Mexico ndi America, poti Maverick iliyonse imapangidwira ku Hermosillo, m'chigawo cha Sonora ku Mexico.

Tiyambe ndi galimotoyo. Maverick ilibe chasisi chapadera chosenza bodi monga mapikapu akuluakulu. Bodi ndi chasisi n'chinthu chimodzi, ndipo maziko ake ndi omwewo a Ford Escape ndi Bronco Sport. N'chifukwa chake pamsewu wa tala imayenda mofatsa ngati galimoto ya banja, yosadumphadumpha kumbuyo ikakhala yopanda katundu. Kutalika kwake ndi mamita 5 ndi kangachepe, ndiye kuimika sikuvuta. Injini zilipo ziwiri: ya hybrid ya malita 2.5 yothandizana ndi mota yamagetsi, zonse pamodzi 191 hp (hp ndi muyeso wa mphamvu ya injini), ndi ya turbo ya malita 2.0 ya magiya 8, yomwe pa mitundu yoyambirira inkatulutsa 250 hp.

Ya hybrid ndiyo inabweretsa mbiri. Pa muyeso wa boma la America, mitundu yoyambirira inkayenda makilomita pafupifupi 18 pa lita m'tauni, ndi makilomita 14 pamsewu waukulu. Ena zimawadabwitsa kuti m'tauni ndimo imadya mafuta ochepa, koma chifukwa chake n'chosavuta. Mukaima pa maloboti injini imazima, mukaponda buleki mota imasanduka jenereta n'kudzaza kabatire ka 1.1 kWh, ndipo ponyamuka ndi magetsiwo amene amayamba kukoka. Pa liwiro lalikulu losasinthasintha mulibe mabuleki oti mukololepo magetsi, ndiye phindu limachepa. Amene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi wa msewu wautali sapulumutsa zambiri ngati mmene wotsatsa malonda angamuuzire.

Kumbuyo konyamulira katundu ndi kwa mamita 1.4 okha. N'kwakufupi, palibe chobisa. Koma anakukonza mwanzeru: chitseko chakumbuyo chimatha kuima pakatikati, molingana ndi zotundumuka za matayala, moti mabolodi a mamita 1.2 kwa 2.4 amagona bwinobwino mukawamanga. M'mbali muli timipata tolowetsamo matabwa ogawira malo, ndi mawaya a 12V oikiratu. Kulemera kumene imaloledwa kusenza ndi makilogalamu 680, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa nambalayi ikuphatikiza ndi anthu omwe. Akulu asanu a makilogalamu 75 aliyense atenga kale 375, kutsala 305 okha a katundu. Pokoka ngolo malire ndi makilogalamu 907. Kuti afike pa 1,814 pamafunika yokoka ndi matayala onse anayi komanso zida zapadera za kufakitale, kuphatikizapo zoziziritsira zowonjezera ndi kachipangizo koyendetsa mabuleki a ngolo. Kungowotcherera chokokera kwa makaniko sikukweza malirewo. Mafuta a m'giyabokosi amatentha pokwera chitunda, ndipo kuwonongeka kwake sikuonekera tsiku lomwelo.

M'kati ndi pulasitiki youma paliponse, ndipo phokoso la matayala limalowa ndithu. Mtundu wa 2025 unabwera ndi sikirini ya mainchesi 13.2, koma zosinthira kutentha ndi kuzizira anazisamutsira pa sikirinipo, zomwe ndi kubwerera m'mbuyo kwa munthu amene maso ake ayenera kukhala pamsewu. Galimotoyi yaitanidwanso kangapo kukakonzedwa. Mu 2022 ma hybrid anaitanidwa chifukwa injini ikawonongeka, mafuta ndi nthunzi yake zinkatha kusonkhana pamalo otentha n'kuyaka, ndipo pambuyo pake panabwera nkhani ya batire la 12V lotha mphamvu mosachenjeza. Wogula yogwiritsidwapo kale ntchito alembe nambala ya chasisi (VIN) pa webusaiti ya NHTSA, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, aone ngati zonsezi zinakonzedwa. Kukonzako n'kwaulere.

Tsopano za mtengo, pomwe pagona nkhani. Anthu ambiri amaloza chala msonkho umene America inaika mu 2025 pa galimoto zochokera kunja, koma yang'anani masiku. Kuchoka pa $19,995 kufika pa $26,295 kunachitika msonkhowo usanayambe. Zinakweza ndi kukwera kwa mitengo ya zipangizo mliri wa Covid-19 utadutsa, zida zoonjezera, ndi mfundo yoti ogula anali pamzere pamene opikisana nayo anali ochepa. Kuchepa kwa opikisana nayoko nakonso ndi ntchito ya msonkho, koma wakalekale.

Kuyambira mu 1964, pikapu kapena vani yonyamula katundu yolowa ku America imalipira 25 peresenti, pamene galimoto yonyamula anthu inkalipira 2.5 peresenti yokha. Pulezidenti Lyndon Johnson anauika pobwezera France ndi West Germany, amene anakweza msonkho pa nkhuku za ku America, ndipo mpaka lero umatchedwa "chicken tax", msonkho wa nkhuku. Mkangano wa nkhukuwo unaiwalika, msonkho unatsala. N'chifukwa chake mapikapu ang'onoang'ono otsika mtengo opangidwa ku Thailand kapena ku Japan simuwapeza kwa ogulitsa a ku America. Makampani ayesapo kuuzemba m'njira zoseketsa. Subaru inamangirira mipando iwiri ya pulasitiki kumbuyo kwa pikapu yake ya BRAT kuti iwerengedwe ngati yonyamula anthu. Ford yomweyi inkabweretsa ma Transit Connect kuchokera ku Turkey ali ndi mipando yakumbuyo, n'kuichotsa atangodutsa pakasitomu, ndipo mu 2024 inavomera kulipira $365 miliyoni kuti mlanduwo uthe.

Maverick inkadutsa mpandawu osalipira kalikonse chifukwa cha mgwirizano wa USMCA wa America, Mexico ndi Canada, umene unayamba pa 1 Julayi 2020. Si mwayi waulere ayi. Magawo 75 pa 100 alionse a mtengo wa galimoto ayenera kuchokera m'maiko atatuwa, 70 peresenti ya chitsulo ndi aluminiyamu zimene kampani imagula ikhale ya komweko, ndipo magawo 40 mpaka 45 pa 100 apangidwe ndi antchito olandira $16 pa ola kapena kuposerapo. Mpanda unkatchinga ena onse, Maverick ili m'kati kudyerera.

Pa 3 Epulo 2025 zinthu zinatembenuka. Boma la Pulezidenti Donald Trump linaika 25 peresenti pa galimoto zonse zochokera kunja, za ku Mexico zomwe. Zokwaniritsa malamulo a USMCA zinapatsidwa mpata woti msonkho uziwerengedwa pa gawo losachokera ku America lokha. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone kawerengedwe kake: galimoto ikafika pamalire ndi mtengo wa $24,000, ndipo zida za $6,000 mwa izo zinapangidwa ku America, msonkho ugwera pa $18,000, ndiye kuti $4,500. Amalipira ndi wolowetsa katunduyo, apa ndi Ford, osati boma la Mexico. Mu Meyi 2025 Ford inakweza mitengo ya Maverick, Bronco Sport ndi Mustang Mach-E, zonse za ku Mexico, ndi ndalama zofika $2,000 pa mitundu ina, ndipo inanena kuti sinasenzetse ogula msonkho wonse. Mwezi womwewo inayerekeza kuti misonkho iidyera $1.5 biliyoni m'chakacho.

Ndalama yotsalayo siisowa ngati utsi. Imabwera pang'onopang'ono ndiponso mobisika: ndalama yofikitsira galimoto kwa wogulitsa imakwera, zochotsera mtengo zimachepa, ngongole ya chiwongoladzanja chotsika imasowa, ndipo mtundu wotsika mtengo kwambiri amapanga wochepa kuti mugule wapamwamba. Choncho poyerekeza mitengo musadalire nambala yaikulu ya pachikwangwani. Funsani ndalama yonse yotulukira nayo pageti.

Nanga bwanji osangoipangira ku America? Funsoli ndi lomveka, koma masamu ake ndi ouma. Mgwirizano wa 2023 ndi bungwe la ogwira ntchito la UAW unakweza malipiro ndi 25 peresenti pa zaka zinayi ndi theka, moti olandira zambiri adzapitirira $40 pa ola, ndipo Ford inati zimenezi ziwonjezera pafupifupi $900 pa galimoto iliyonse. Malipiro a ku Mexico ndi kagawo kakang'ono ka amenewa. Chitsulo nachonso: msonkho wa chitsulo ndi aluminiyamu zochokera kunja unafika 50 peresenti mu Juni 2025, ndipo zakunja zikadula, opanga a m'dziko momwemo nawonso amakweza zawo poti palibe wowapikisa. Onjezani kuti kumanga kapena kusintha fakitale kumadya mabiliyoni ndi zaka zingapo, komanso kuti palibe galimoto ya ku America yopanda zida zakunja. Mawaya, masensa ndi tizipangizo ta kompyuta zimachokera kutali, ndipo zina zimadutsa malire kangapo zisanamangidwe. Pa F-150, pikapu yaikulu ya Ford ya mtengo waukulu, zonsezi zimabisika mu phindu. Pa pikapu yotsika mtengo, phindu lake ndi lopyapyala moti $1,000 imaoneka.

Umboni wake ndi Hyundai Santa Cruz, mpikisano weniweni wa Maverick, yomangidwa ku Montgomery, Alabama. Ngakhale siidutsa malire ili yathunthu, siinakhalepo njira yotsika mtengo yothawirako, ndipo ilibe hybrid. Ford Ranger ya ku Wayne, Michigan ndi yaikulu ndi yamphamvu, koma imayambira kupitirira $30,000. Zimenezi si zachilendo. Mu 2018 America itaika msonkho pa makina ochapira zovala ochokera kunja, akatswiri a zachuma a ku Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, ndi a ku University of Chicago anapeza kuti mitengo inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti, opanga a m'dzikomo anakweza nawo, ndipo makina oumitsira zovala, omwe analibe msonkho, anakweranso chimodzimodzi chifukwa anthu amagula awiriwa limodzi. Pa galimoto, zotsatira zake zimafika mpaka kwa amene sakugula yatsopano. Zatsopano zikadula anthu amakhamukira ku zakale n'kuzikwezetsa mtengo, ndipo msonkho wa 25 peresenti umene unayamba pa 3 Meyi 2025 pa masipeyala osakwaniritsa USMCA umakweza ndalama yokonzetsera, inshuwalansi n'kutsatira pambuyo.

Pali zinthu ziwiri zoona ndi maso musanasaine. Chilembo choyamba cha VIN chimanena dziko lomangira: 3 ndi Mexico, 2 ndi Canada, 1, 4 ndi 5 ndi America, J ndi Japan. Pepala lomatidwa pawindo la galimoto yatsopano limasonyeza gawo la zida za ku America ndi Canada, komanso kumene injini ndi giyabokosi zinachokera. Gawolo likachepa, dziwani kuti mtengo wa galimotoyo ndi wa masipeyala ake ugwedezeka msanga malamulo akasinthanso.

Kwa woyenda kwambiri m'tauni, wonyamula katundu wopepuka, Maverick ya hybrid ya mtundu wa XL kapena XLT ikadali yabwino kugula, ndipo kadyedwe kake ka mafuta palibe pikapu ya petulo ya kumeneko yokafikapo. Ya Lariat kapena Tremor yodzaza ndi zoonjezera imakwera kufika pa mtengo wa Ranger, pamene m'kati ikadali pulasitiki yomwe ija ya galimoto ya $20,000. Pamenepo ndi bwino kungotenga Ranger, makamaka ngati ngolo yanu imapitirira makilogalamu 1,800.