Ndemanga: tcheni ndi ndolo za siliva wokutidwa ndi golide zandisangalatsa, mphete yandikhumudwitsa

Ndinagula zinthu zitatu pamodzi kwa wogulitsa wina wa pa intaneti: tcheni cha m'khosi, ndolo ndi mphete, zonse za siliva wa 925 wokutidwa ndi golide wa 18K. Ndazivala mokwanira moti tsopano ndikutha kuona mmene chilichonse chikukalambira. Tcheni ndi ndolo ndikhoza kugulanso mawa lomwe. Mphete ayi, ndipo chimene chandipweteka n'chakuti wogulitsayo ankadziwa bwino lomwe zimene zidzachitike koma sanazilembe paliponse.

Pofika zinali bwino, chilichonse m'kathumba kakekake. Chidindo cha 925 chilipo pa zonse zitatu: mkati mwa mphete, pa kachitsulo kakang'ono koyandikana ndi chokolowekera cha tcheni, komanso pa kamtengo ka ndolo kolowa m'khutu. Nambalayi imatanthauza kuti pa magawo 1,000 alionse, 925 ndi siliva ndipo 75 otsalawo ndi chitsulo china, nthawi zambiri kopa, chifukwa siliva payekha ndi wofewa kwambiri ndipo sachedwa kupindika. Koma chidindo aliyense akhoza kudinda. Ndinayesa ndi maginito, ndipo sizinakokedwe kupatula chokolowekera cha tcheni, chomwe mkati mwake mumakhala kasipuling'i kachitsulo. Ngakhale kuyesa kotereku sikutsimikizira zonse, poti nawonso mkuwa sukokedwa ndi maginito. Umboni wina ndinaupeza pamene golide wa pa mphete anayamba kutha: pansi pake panatuluka chitsulo choyera motuwira, osati chofiirira. Apo ndiye ndikukhulupirira kuti siliva wake ndi weniweni.

Nkhani yagona pa mpheteyo. Mukaiona pamwamba idakali yokongola. Itembenuzeni muone mbali yoyang'ana kuchikhatho, yomwe imakhudza chogwirira chitseko, makiyi, foni ndi chikwama. Pamenepo golide anayamba kusuluka m'mphepete mwenimweni, kamzere kopyapyala koyera mbali zonse ziwiri, kenako mizereyo inakula mpaka kukumana pakati. Lero mbali ya pansiyo ndi ya siliva, ya pamwamba ndi ya golide, ndipo pamene ziwirizi zakumana pali mtundu wothimbirira wosadziwika bwino. Ndolo, zomwe ndimavala kawirikawiri kuposa mpheteyo, sizinasinthe n'komwe. Tcheni changosuluka pang'ono pa chokolowekera, pamene zala zimagwiragwira. Choncho chimene chimadya golideyu ndi kukhulana ndi zinthu, ndipo palibe chokongoletsera chimene chimakhulidwa kwambiri kuposa mphete.

Ndinalembera wogulitsayo kumufunsa kuti golide wakeyo anamupaka mokhuthala bwanji. Yankho lake linali lakuti ndi golide wapamwamba wa 18K. Limenelo ndi yankho la funso lina. Nambala ya 18K imangonena kuti m'golide amene anapakayo, magawo 75 pa 100 alionse ndi golide weniweni. Sinena kuti anapaka wochuluka bwanji. Kukhuthala amakuyeza m'ma micron, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Tsitsi limodzi la munthu limakhala ma micron pakati pa 50 ndi 100. Ku United States, bungwe la Federal Trade Commission limanena kuti chinthu chingatchedwe vermeil pokhapokha ngati mkati mwake ndi siliva wa 925, golide wake ndi wosachepera 10K, ndipo wapakidwa mokhuthala ma micron osachepera 2.5. Zambiri zongolembedwa kuti zokutidwa ndi golide sizifika n'komwe micron imodzi, zina theka lake lomwe sizilikwanitsa. Wogulitsa amene wapaka 2.5 amanyadira kulemba nambalayo poyera. Amene akuzemba funsoli mungodziwiratu.

Kapangidwe kake kakufotokoza chifukwa chake golideyo amakhala wopyapyala chonchi. Akamaliza kuumba chinthucho ndi kuchipukuta mpaka kusalala, amachitsuka kuti pasatsale mafuta alionse, kenako amachiviika m'madzi a mankhwala momwe mwasungunuka golide n'kudutsitsamo magetsi. Magetsiwo amakokera golide pa siliva pang'onopang'ono. Chikakhalitsa m'madzimo golide amakhuthala, akachivuula msanga amasunga ndalama. Opanga osamala amayamba aika kaye chitsulo china pakati pa siliva ndi golide, chifukwa siliva amalowerera pang'onopang'ono m'golide wopyapyala n'kufika pamwamba, kumene amayamba kuda. Chitsulo chapakaticho ena amagwiritsa ntchito palladium, ena nickel, ndipo nickel ndi amene amayabwitsa anthu ambiri khungu. Ku European Union kuli malire okhwima pa kuchuluka kwa nickel amene ndolo ingatulutse pakhungu. Ineyo makutu anga sachedwa kufiira ndi kutupa ndikavala ndolo zokhala ndi nickel, koma ndi izi sindinamvepo kuyabwa ngakhale tsiku lotentha thukuta lili kamukamu. Pamenepa wogulitsayo ananena zoona kuti ndolozi zilibe nickel, ndipo ndikumuyamikira.

Chimene sindingamuyamikire ndi kansalu kopukutira komwe anaika m'kabokosi. Ndi kansalu kaja kokhala ndi mankhwala, kamene kamada mukapukutira siliva. Kameneka n'kabwino pa siliva wosakutidwa, chifukwa kamapala pamwamba pang'ono n'kuchotsa zakudazo. Pa chinthu chokutidwa, chimene kakupala ndi golide yemwe mwalipirayo. Kupereka kansalu kotere limodzi ndi mphete yopakidwa mopyapyala kuli ngati kugulitsa nsapato yachikopa n'kuwonjezerapo sandipepa wopukutira. Kapepala ka malangizo nako sikanachenjeze chilichonse, kanangoti pewani madzi.

Malangizo ambiri a pa intaneti nawonso ndi a siliva wosakutidwa. Mankhwala otsukira mano ndi soda zimakanda, musazifikitse pafupi. Ine ndimagwiritsa ntchito madzi ofunda, kadontho ka sopo wamadzi wosaluma, ndi kansalu kofewa ngati kopukutira magalasi a maso. Ndimangosisita mopepuka, kutsukuluza, n'kuumitsa bwinobwino, makamaka m'timfundo ta tcheni momwe madzi amabisala. Ndimavala pomalizira, mafuta odzola ndi perefyumu zitauma kale, ndipo ndimavula ndisanasambe, ndisanachape, komanso ndisanalowe m'dziwe losambiramo, poti klorini amawononga siliva ndi golide yemwe. Kuda kwa siliva kumabwera chifukwa cha sulufule wa mumpweya, ndipo labala ndi nsalu za ubweya wa nkhosa zimafulumizitsa zimenezi, choncho musamange tcheni ndi kalabala posunga. Kathumba kapulasitiki kotseka bwino, chinthu chimodzi m'kathumba kamodzi, n'kokwanira.

Amene mukufuna mtundu woyera, pali siliva wokutidwa ndi rhodium, chitsulo cha m'gulu la platinum chomwe chambiri chimakumbidwa ku South Africa. Rhodium ndi wolimba kuposa golide ndipo sada, komanso akayamba kutha sizioneka msanga chifukwa pansi pake palinso poyera. Pa mphete yovala tsiku ndi tsiku ndikanasankha ameneyu, kapena siliva wosakutidwa n'komwe, amene mukhoza kumupukuta moyo wanu wonse osaopa kuti chinachake chitha.

Mphete yangayi ndinapita nayo kwa wosula zokongoletsera. Anandiuza kuti akhoza kuipukuta n'kuipakanso golide wokhuthala, koma anachenjeza zinthu ziwiri: ngati ndikufuna kuikulitsa kapena kuichepetsa ndichite zimenezo kaye, chifukwa moto wowotcherera umawononga golide wopakidwa, ndipo ngakhale atapaka bwanji, pa mphete adzathanso ndithu, kungoti mochedwerapo. Pa nyenyezi zisanu, ndolo ndikuzipatsa zonse, tcheni zinayi, mphete ziwiri. Funso la ma micron lija ndinalitumizanso kwa wogulitsayo, ndipo mpaka pano sanayankhe.