Panado, makapusozi, LA kapena kufukiza: fuluwenza ikakugwetsani musankhe chiti?

June akafika kuno ku Mzuzu, chifunga chitakuta kuyambira ku Katoto mpaka ku Luwinga, khomo ndi khomo mumamveka wina akutsokomola. Chimfine wamba chimabwera mwakachetechete, mamina ndi kuyetsemula, munthu n'kumapitabe kuntchito. Fuluwenza siitero. M'mawa muli bwino, pofika madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'thupi monse mwaphwanya, chifuwa chili chouma. Ambiri amachira mkati mwa sabata imodzi, ngakhale chifuwa chimatha kukakamira milungu iwiri.

Pa mankhwala onse a pagolosale, Panado ndiye woyenera kuyamba naye. Sapha kachilombo, koma amatsitsa kutentha ndi kuziziritsa ululu pamene thupi likudzimenyera lokha. Wamkulu amwe mapilitsi awiri a 500mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapilitsi 8 patsiku. Mwana amalandira molingana ndi sikelo yake, 15mg pa kilogalamu iliyonse. Ngozi imabwera pophatikiza: mankhwala ambiri olembedwa kuti ndi a chimfine ali kale ndi paracetamol, amene ndi Panado yemweyo, ndiye mukawonjezera Panado mumavulaza chiwindi osadziwa. Werengani paketi. Aspirin kwa mwana wosakwana zaka 16 ayi, chifukwa pa fuluwenza angathe kuwononga chiwindi ndi ubongo.

Makapusozi a amoxicillin, ngakhalenso Bactrim, ndiwo amatidandaulitsa kwambiri. Amapha mabakiteriya, pomwe fuluwenza ndi vairasi. Munthu amamwa masiku atatu, n'kupeza bwino, n'kutamanda makapusozi, chonsecho akanachira ndithu popanda iwo. Chimene wapindula ndi kutsegula m'mimba ndi tizilombo tozolowera mankhwala, moti tsiku limene chibayo chenicheni chidzabwere, mankhwala omwewo sadzagwiranso ntchito. Malo ake alipo: ngati munayamba kupeza bwino kenaka thupi latenthanso, makhololo asintha mtundu, m'nthiti mukubaya, pamenepo adokotala akuyezeni ndi kukulemberani.

LA ndi wa malungo basi. Vuto n'lakuti malungo ndi fuluwenza amayamba mofanana, makamaka kwa amene wangochokera ku Nkhata Bay kapena ku Karonga. Kuyeza magazi pachala kumatenga mphindi 20 zokha. Akapezeka malungo imwani LA mpaka kumaliza. Akapanda kupezeka, musiyeni.

Kufukiza ndi masamba a bulugamu kumatsegula mphuno kwakanthawi, koma kachilombo kamatsala momwemo, ndipo ana ambiri amapsa ndi madzi owira m'beseni. Ana musawafukize. Madzi ofunda a mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa pakhosi ndipo amathandiza kuti thupi lisaume. Uchi musapatse khanda losakwana chaka.

Mankhwala amene amalimbana ndi kachilombo kenikeniko ndi oseltamivir, amene ena amamudziwa kuti Tamiflu: 75mg kawiri patsiku kwa masiku 5 kwa wamkulu. Amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 48, ndipo amalemba ndi adokotala. Oyenera kufulumira kukafunsa ndi amayi oyembekezera, ana osakwana zaka 5, agogo opitirira zaka 65, odwala mphumu, shuga kapena mtima, ndi amene chitetezo chawo chatsika.

Palinso nthawi imene zonsezi muyenera kuzisiya n'kuthamangira kuchipatala cha Mapale kapena cha Mzuzu Central. Mwana ali phee, werengani kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Wa miyezi 2 mpaka 11 akafika ka 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, chingakhale chibayo. Chimodzimodzi ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati popuma, akukana kuyamwa, akukomoka kapena milomo yada.

Oweta nkhuku ali ndi chisankho chawo. Nkhuku zikayamba kufa zambiri tsiku limodzi, mitu itatupa, ambiri amati ndi chitopa, n'kuzizinga mwachangu kapena kukagulitsa zotsala kumsika. Ndi maso simungasiyanitse chitopa ndi fuluwenza ya mbalame, ndipo katemera wa I-2 wodontheza m'diso amateteza ku chitopa chokha. Mtundu wa fuluwenza ya mbalame wotchedwa H5N1 unapha anthu ku Hong Kong mu 1997, ndipo mu 2023 fuluwenza ya mbalame inapululutsa nkhuku ku South Africa mpaka mazira kusowa m'masitolo. Munthu amaitenga makamaka pozinga, pososola nthenga ndi posesa zitosi, osati pa nyama yopsa bwino. Choncho tsekani khola, itanani alangizi a ziweto, ana asayandikire, ndipo zakufazo muzigwire mutavala mapepala apulasitiki m'manja, pakamwa ndi pamphuno mutatseka, n'kuzikwirira mozama poti agalu sangafukule. Mukatentha thupi, kutsokomola kapena maso kufiira mkati mwa masiku 10, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo musanakhale pamzere uzani anamwino kuti munagwira nkhuku zakufa.