"Wovuta", "woboola m'thumba" kapena "wolira zambiri"?

Pali zinthu zina, ngakhalenso anthu ena, oti ukangowachotsa diso pang'ono zinthu zasokonekera. Mawu owafotokozera tili nawo angapo, koma sanena chinthu chimodzi.

Ambiri timathamangira "wovuta". Ndi mawu achidule, koma amaweruza mlandu usanazengedwe. Ukati galimoto ndi yovuta, womva amaganiza kuti imafera pamsewu, chonsecho imayenda bwinobwino bola uziisintha oyilo pa makilomita 5,000 kapena 10,000 aliwonse monga buku lake likunenera. Pa munthu ndiye zimaipiratu. "Mkazi wake ndi wovuta" zimamveka ngati ndi wolongolola, pomwe mwina mayiyo amangofuna kuimbiridwa foni bambo akachedwa kubwera.

"Kuboola m'thumba" kumanena za ndalama basi, makamaka za tsiku logula, ndipo nthawi zina kumaloza chinthu cholakwika. Taonani makina osindikizira. Printa ya inki imagulidwa motchipa, koma ikakhala masabata angapo osagwira ntchito inki imauma ndi kutseka timabowo ta mutu wake, ndiye uyambe kutsuka, ndipo kutsukako kumadyanso inki yomweyo. Ya laser ndi imene imaboola m'thumba pogula, koma tona yake, imene imagwira ntchito m'malo mwa inki, ndi ufa, suuma. Yofuna kuileraleratu apa ndi yotchipa ija.

Ine mtima wanga uli pa "kulira". Timati ntchito iyi ikulira anthu anayi, mphaka wa mtundu wa Persian amalira kupesedwa tsiku ndi tsiku, apo ayi ubweya wake umapotana. Mneni ameneyu sanyoza, ndipo amakukakamiza kutchula chofunikacho, kaya ndi nthawi, ndalama kapena kuleza mtima. Chilema chake n'chimodzi: ukati "mwana uyu amalira zambiri", wina akutengera kansalu kopukutira misozi. Choncho pa munthu uyenera kumaliza chiganizo, unene kuti ubwenzi wake umalira nthawi.

Pa anthu palinso "timamusamala ngati dzira" ndi "anasasatitsidwa". Oyambawo amaonetsa kutopa kwa wosamalayo, ndipo amakwanira ngakhale kwa wodwala yemwe sanasankhe kukhala choncho. Achiwiriwo amadutsa munthuyo n'kukagwera amene anamulera, ndiye musanawatulutse muyambe mwaona kuti mayi ake sali pafupi.